Kodi sharpening iikidwe poyamba kapena pomaliza pokonza chithunzi?

Wojambula zithunzi wina wa ku Chibavi mumzinda wa Mzuzu, amene amajambula maukwati, zinkhoswe ndi miyambo ya omaliza maphunziro, wafunsa za vuto limene lamusautsa kwa nthawi yaitali. Iye amakonza zithunzi zake mu pulogalamu ya pakompyuta ya Lightroom, nthawi zina mu ya Photoshop, ndipo akangotsegula chithunzi amayamba ndi kukweza sharpening, njira yochititsa chithunzi kuoneka chakuthwa, mpaka chioneke bwino pa laputopu yake. Akakatsukitsa zithunzi zazikulu zoika mufelemu, nkhope za anthu zimatuluka zokhakhala ndipo m'mbali mwa suti ya mkwati mumaoneka kamzere koyera, koma akatumiza chithunzi chomwecho pa WhatsApp chimafika chachimbuuzi. Anzake ena amamuuza kuti sharpening ndi yoyambirira, ena akuti ndi yomalizira, ndipo iye akufuna kudziwa nthawi yake yeniyeni.

Bambo, anzanu a mbali zonse ziwiri akunena zoona, kungoti aliyense wagwira chigawo chimodzi cha nkhaniyi. Pali sharpening yaing'ono imene imafunika kumayambiriro pofuna kubwezeretsa zimene kamera yafewetsa, pali ina ya pakati imene imaikidwa pamalo osankhidwa okha, ndipo pali yomaliza imene simungaiike musanadziwe kukula kwa chithunzicho ndi kumene chikupita. Kagawidwe kameneka kanatchuka chifukwa cha malemu Bruce Fraser, katswiri wa Photoshop amene anamwalira mu 2006, ndipo mmene Lightroom inakonzedwera, yokhala ndi sharpening ina m'gawo la Detail ndi ina pa Export, potulutsa chithunzi chomaliza, zikutsatira maganizo omwewo. Vuto lanu lagona pakuti mukusenzetsa sharpening imodzi, yoikidwa poyambirira, ntchito zonse zitatu.

Tiyambe ndi chimene pulogalamu imachita mukakoka slider, kachida ka pa sikirini kokwezera kapena kutsitsira sharpening. Sharpening siwonjezera kanthu kalikonse kamene lenzi sinakaone. Pulogalamu imafufuza malo amene chowala chakumana ndi chakuda, mwachitsanzo pamene phewa la suti yakuda lathera ndipo khoma loyera la tchalitchi layambira, kenako imadetsa pang'ono mbali yakudayo ndi kuwalitsa pang'ono mbali yowalayo. Diso likaona kusiyana kumeneku limakhutira kuti malirewo ndi akuthwa. Choncho kamzere koyera kamene mukukaona m'mbali mwa suti, kamene ojambula amakatcha halo, si kulakwitsa kwa makina otsukira ayi, koma ndi sharpening yeniyeniyo imene yakula mpaka kuonekera poyera. Chithunzi chilichonse chimene chaikidwa sharpening chili ndi timizere timeneti, ndipo luso lonse ndi kutisunga tating'ono kwambiri moti diso lisatizindikire patokha.

Mfundo imene yankho lonseli latsamirapo ndi yakuti kukula kwa kamzereko kumayezedwa m'mapikiselo, timadontho ting'onoting'ono timene timapanga chithunzi, pomwe pikiselo ilibe kukula kokhazikika. Kamera ya mamegapikiselo 24 imatulutsa chithunzi cha mapikiselo 6000 m'litali ndi 4000 m'lifupi. Mukachitsukitsa pa kukula kwa mainchesi 4 ndi 6, pa mapikiselo 300 pa inchi iliyonse, chimangofunika mapikiselo 1800 ndi 1200, kutanthauza kuti mapikiselo pafupifupi 11 a chithunzi choyamba amaphatikizidwa kukhala imodzi. Kamzere ka pikiselo imodzi kamene munaika poyamba kamasungunukira m'kuphatikizako, ndipo kuchepetsako pakokha kumafewetsanso chithunzi. Mukatsukitsa chithunzi chomwecho pa pepala lalikulu loika mufelemu, mapikiselo ambiri amatsala mmene analili kapena kutambasulidwa kumene, ndipo kamzere kalikonse kamene kanapitirira muyeso kamaonekera kwa aliyense wolowa m'nyumba. Telala sapinda m'munsi mwa buluku asanayeze miyendo ya mwini wake, ndipo sharpening yomaliza nayo imadikira kuti kukula kwa chithunzi kudziwike.

Pali chinthu china chimene ndikuchikayikira kwambiri pa kagwiridwe kanu ka ntchito, ndicho mmene mumaonera chithunzi pamene mukukweza slider. Chithunzi cha mapikiselo 6000 chikakwana chonse pa sikirini ya laputopu, mukuchiona pa gawo limodzi mwa magawo anayi a kukula kwake kapena kucheperapo, ndipo pa kukula kumeneko sharpening yoyenera siioneka n'komwe. Munthu amangokwezabe Amount (mphamvu ya sharpening) ndi Radius (kukula kwa kamzere kaja) mpaka aone kusintha, ndipo pofika pamene kusinthako kwaoneka amakhala atapitirira muyeso kutali kwambiri. Sharpening yoyamba iyenera kuyezedwa mutakulitsa chithunzi kufika pa 100%, pamene pikiselo imodzi ya chithunzi yagwera pa pikiselo imodzi ya sikirini, mukuyang'ana diso la mkwatibwi kapena ulusi wa pakolala ya malaya.

Chifukwa chimene fayilo ya RAW, imene imasunga zimene kamera yaona zisanakonzedwe, imafunikira sharpening kumayambiriro chili m'kapangidwe ka kamera. Sensa (kachipangizo kolandira kuwala mkati mwa kamera) ya makamera ambiri ili ndi tizisefa ta mitundu toyalidwa motsatira njira imene Bryce Bayer wa kampani ya Kodak anaipezera patenti mu 1976, pomwe theka la mapikiselo limaona zobiriwira zokha, gawo limodzi mwa anayi limaona zofiira ndipo gawo lotsalalo limaona zabuluu. Pulogalamu imachita kuwerengetsa mitundu iwiri yosowayo pa pikiselo iliyonse poyang'ana zoyandikana nayo, ndipo kuwerengetsa kotero kumafewetsa malire a zinthu. Makamera ambiri alinso ndi galasi lapadera patsogolo pa sensa limene limafewetsa chithunzi mwadala, pofuna kupewa mizeremizere yachilendo imene imatuluka pa nsalu za timizere tothithikana, ngakhale kuti makamera ena, monga Nikon D7100 ya mu 2013, analichotsa galasi limeneli. Lenzi nayo ili ndi malire ake, makamaka mukatsegula kotheratu bowo lake lolowera kuwala kapena mukalichepetsa kufika pa f/16 ndi f/22. Ntchito ya sharpening yoyamba ndi kubweza kufewa kumeneku basi, ndipo chithunzi chikayamba kuoneka kuti chaikidwa sharpening, ndiye kuti mwapitirira kale.

Lightroom imaika kale sharpening imeneyi pa fayilo iliyonse ya RAW musanakhudze kanthu, pa Amount 40, Radius 1.0, Detail 25 ndi Masking 0. Kwa zithunzi zambiri zamasana manambala amenewa ali pafupi ndi pofunika, ndipo slider imene ndingakulimbikitseni kuti muizolowere ndi ya Masking, imene ojambula ambiri saikhudza n'komwe. Mukaikoka mutagwira batani la Alt, sikirini imasanduka yakuda ndi yoyera, ndipo malo oyera okha ndi amene akulandira sharpening. Pa 0 sikirini yonse imakhala yoyera, kutanthauza kuti masaya, chipumi, thambo ndi khoma zonse zikulandira mofanana ndi nsidze. Mukakokera ku 60 kapena 70 mumaona masaya akuda bii, kungotsala timizere toyera pa zikope, pa milomo, pa mzere wa tsitsi ndi pa maluwa a leseni ya diresi. Kukhakhala kwa nkhope kumene makasitomala anu akukuona kumachokera kwambiri pamenepa, chifukwa khungu la munthu amene wavina perekaniperekani limakhala ndi thukuta lonyezimira, ndipo kadontho kalikonse kowala pa khungu lakuda ndi malire amene pulogalamu imawakulitsa mosasankha. Pa nkhope ndimasiya pansi slider ya Detail, imene imakulitsa tinthu ting'onoting'ono, pomwe pa zithunzi za malo, monga mitengo ya paini ya ku Chikangawa imene ili ndi timasamba tosawerengeka, ndimachepetsa Radius kufika cha pa 0.7 ndi kukweza Detail pang'ono.

Nkhani ya noise ndi imene imachititsa kuti mawu akuti poyamba akhale ofunika kuwamvetsa bwino. Madyerero ambiri a ukwati amachitikira m'maholo a magetsi ochepa, ndipo wojambula amakakamizika kukweza ISO, mlingo wa mmene kamera imamvera kuwala, kufika pa 3200 kapena 6400, zimene zimadzaza mithunzi ndi timadontho tonga mchenga totchedwa noise. Pulogalamu siisiyanitsa kadontho ka noise ndi ulusi wa nsalu, choncho mukaika sharpening noise ikadalipo, mumakulitsa timadonthoto mpaka kuchotsa kwake kumafuna mphamvu yaikulu imene imafafanizanso tsitsi ndi nsidze. Noise iyambe yachepetsedwa, sharpening ibwere pambuyo pake. Ngati kompyuta yanu ingakwanitse Denoise, njira yochotsera noise imene kampani ya Adobe inaika mu Lightroom mu 2023, iyendetseni kumayambiriro kwenikweni, musanayambe kufufuta zipsera kapena kupanga ma mask (zosankhira malo ena okha a chithunzi oti akonzedwe), kenako muonenso sharpening chifukwa fayilo yoyeretsedwa simafuna yambiri. Pa chithunzi cha ISO yokwera kwambiri si cholakwika kutsitsa Amount kufika pansi pa 40 ndi kukweza Masking kwambiri.

Apa ndi pofunika kusiyanitsa mapulogalamu awiri amene mukugwiritsa ntchito, chifukwa mkangano wa anzanu ukuchokeranso pamenepa. Lightroom siisintha mapikiselo a fayilo yanu pamene mukukoka ma slider, koma imangolemba malangizo, n'kudzawatsatira onse pa nthawi ya Export mwa dongosolo lakelake, mosayang'ana kuti inu munayamba ndi uti. Mutha kukhudza Detail poyamba kapena pomaliza, zotsatira zake n'zofanana ngati manambala ali omwewo. Komabe ndi nzeru kubwereranso ku Detail mutamaliza kukonza kuwala ndi mitundu, chifukwa mukawalitsa mithunzi noise imene inabisala imatulukira, ndipo Clarity ndi Texture nazonso zimakulitsa kusiyana kwa chowala ndi chakuda moti zimaphatikizana ndi sharpening. Pulogalamu yaulere ya darktable imagwiranso ntchito mwa njira yofananayo. Photoshop ndi GIMP ndi zosiyana, chifukwa mukaika fyuluta ya sharpening yotchedwa Unsharp Mask mwachindunji pa layer (chimodzi mwa zigawo zosanjikizana za chithunzi), mapikiselo amasinthiratu, ndipo chilichonse chimene mudzachite pambuyo pake chidzamangidwa pamwamba pa timizere tija. Mukawonjezera contrast ndi Curves timizereto timawala kwambiri, mukawongola chithunzi chopendekeka timafewa mosalingana, ndipo mukafufuta chipsera pa tsaya mumakopera kukhakhala kuchoka pamalo ena kupita pena. N'chifukwa chake mu Photoshop mwambo wakale wakuti sharpening ikhale yomalizira udakali woona, ndipo njira yotetezeka ndi kusandutsa layer kukhala Smart Object kuti fyuluta ikhale yotheka kusinthidwa kapena kuchotsedwa tsiku lina.

Sharpening ya pakati ndi imene imaonetsa diso la wojambula, ndipo imabwera mutamaliza kukonza kuwala, mitundu ndi khungu. Diso la munthu limathamangira pamalo akuthwa kwambiri m'chithunzi, choncho inuyo ndi amene muyenera kusankha malowo. Pa chithunzi cha mkwatibwi ndi maso, mphete, mikanda ya pachipewa ndi m'mphepete mwa velo. Pa chinkhoswe mwina ndi maluwa a chitenje chimene akuchikazi avala mofanana, kapena manja amene akupatsana nkhuku. Mu Lightroom mumapaka ndi brush n'kukweza Sharpness pamalo amenewo okha, ndipo mu Photoshop mumapanga layer ya High Pass ya Radius yapakati pa 1 ndi 2, kuiika pa Overlay, kuibisa yonse ndi mask yakuda, kenako kupaka zoyera pamene mukufuna. Ngati mwagwiritsa ntchito Unsharp Mask kapena Smart Sharpen ndipo m'mbali mwa nsalu zowala mwayamba kutuluka mitundu yachilendo, kuika layer pa Luminosity kumathetsa vutolo. Zithunzi zambiri za gulu sizifuna gawo limeneli n'komwe, ndipo pa ukwati wa zithunzi mazanamazana ndi bwino kulisungira zochepa zimene zidzakulitsidwe.

Nyengo ya kuno kwathu imafuna kusamala kwapadera pa mfundo imeneyi. M'miyezi ya June ndi July, pamene Mzuzu amadzuka ndi chifunga ndipo thambo limakhala lotuwa tsiku lonse, kumbuyo kwa anthu ojambulidwa panja kumakhala kosalala kopanda kanthu, ndipo pamalo otero ndi pamene halo ndi noise zimaonekera kwambiri. Wophunzira wovala gauni ndi chipewa chakuda pa mwambo wa omaliza maphunziro ku Mzuni, ataima kutsogolo kwa thambo loyera, ndi chithunzi chimene chimaulula sharpening yopitirira msanga kuposa china chilichonse, chifukwa kamzere kowala kamazungulira chipewa chonse pamodzi ndi ngayaye yake. Chifunga chimene chaphimba mapiri a Viphya m'mawa ndi kukongola kwa chithunzicho, ndipo ndimamva chisoni ndikaona wojambula atachikakamiza ndi sharpening ndi Clarity mpaka chasanduka timadontho. Chofewa mwachilengedwe chisiyidwe chofewa, ndipo mphamvu ipite pa mtengo kapena munthu amene ali pafupi ndi kamera.

Tsopano tifike pa sharpening yomaliza, imene ndi yankho lenileni la madandaulo anu awiri aja. Mukamaliza kukonza, sungani chithunzi chachikulu chimene chili ndi sharpening yoyamba ndi ya pakati yokha, ndipo chimenechi musachiikenso ina. Chithunzi chilichonse chopita kwa kasitomala chichokere pa chimenechi ngati kope, lichepetsedwe kapena kukulitsidwa kufika pa kukula kwake komaliza, kenako lilandire sharpening yoyenera kumene likupita. Mu Lightroom zimenezi zimachitika pa Export, pomwe mumalemba kukula pa Image Sizing ndipo pa Output Sharpening mumasankha Screen, Matte Paper kapena Glossy Paper, pa mlingo wa Low, Standard kapena High. Pulogalamu imayamba yachepetsa chithunzi kenako n'kuika sharpening molingana ndi kukula kwatsopanoko, ndipo Standard imakwanira pa ntchito zambiri. Mu Photoshop dongosolo limeneli mumalitsatira nokha, kuyamba ndi Image Size kenako fyuluta, koma dziwani kuti njira yochepetsera yotchedwa Bicubic Sharper imaikamo kale sharpening yakeyake, moti yowonjezera iyenera kukhala yochepa.

Pepala limafuna sharpening yochulukirapo kuposa sikirini, chifukwa inki ikagwa pa pepala imamwazika pang'ono, makamaka pa pepala losanyezimira limene limamwa inki kwambiri. Fayilo ya A4 pa mapikiselo 300 pa inchi ili ndi mapikiselo 2480 ndi 3508, ndipo pikiselo imodzi pa pepalapo siikwana gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita. Fayilo yokonzedwa bwino kuti itsukidwe imaoneka yokhakhala pang'ono mukaiyang'ana pa 100% pa sikirini, koma pa pepala imatuluka yosalala, choncho musaiweruze ndi sikirini yokha. Chikwangwani chachikulu cha pansalu ya pulasitiki, monga chimene amaika pakhomo la holo chokhala ndi nkhope za akwati, chimasindikizidwa pa mapikiselo ochepa kwambiri pa inchi ndipo chimaonedwa munthu ali patali, moti pikiselo iliyonse imakhala yaikulu ndipo halo imene inali yobisika pa chithunzi chaching'ono imasanduka mzere wooneka ndi maso. Fayilo imodzi siingatumikire chikwangwani ndi kachithunzi ka mu alubamu nthawi imodzi.

Za WhatsApp, chimbuuzi chimene makasitomala akuchiona chimabwera chifukwa pulogalamuyo imachepetsa chithunzi chachikulu ndi kuchipanikiza kuti chisadye bandulo yambiri, ndipo pochita zimenezi sharpening yanu ya pa mapikiselo 6000 imatayika. Chithandizo chake ndi kuchepetsa nokha kope lotumiza, kufika cha pa mapikiselo 1600 mbali yaitali, kuika sharpening ya Screen pa kukula kumeneko, kenako n'kutumiza, kuti pulogalamuyo ipeze ntchito yochepa yoti ichite. Kuyambira mu 2023 WhatsApp ili ndi batani la HD limene limasunga mapikiselo ochulukirapo, ndipo mukatumiza chithunzi ngati document chimafika mmene chilili osakhudzidwa, imene ndi njira yokhayo yoyenera ngati wolandirayo akukatsukitsa. Pa Facebook, mapikiselo 2048 mbali yaitali ndi kukula kumene ojambula ambiri amagwiritsa ntchito. Pa makope onsewa musapitirize muyeso, chifukwa kupanikiza kwa JPEG kumagawa chithunzi m'timabokosi ta mapikiselo 8 ndi 8, ndipo malire okhakhala kwambiri amatuluka ndi timadontho tosokoneza m'mbali mwake.

Ngati pa ntchito zina mumajambula JPEG m'malo mwa RAW, dziwani kuti kamera yaika kale sharpening yoyamba motsatira Picture Style pa Canon kapena Picture Control pa Nikon, ndipo n'chifukwa chake Lightroom imayambira pa Amount 0 ikatsegula JPEG. Gawo loyamba lija mulidumphe, ndipo ngati mumadziwa kuti mudzakonza zithunzizo pa kompyuta, tsitsani sharpening ya mukamera momwemo, popeza yowonjezera ndi yosavuta kuika pomwe yoikidwa kale siichoka. Zithunzi za pafoni zimabwera ndi sharpening yambiri kuposa za kamera, moti kasitomala akakupatsani chithunzi cha pafoni kuti muchikonze, kawirikawiri chimangofunika yomaliza yokha, ndiponso yochepa. Chithunzi chimene focus inaphonya, kapena chimene wovina anasuntha shutter (kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera) ili pang'onopang'ono, sharpening wamba siingachikonze, ndipo mankhwala ake ali pa tsiku lojambula, pokweza liwiro la shutter kufika pa 1/250 ya sekondi kapena kuposerapo anthu akamavina.

Chotsala ndi kumene mumatsukitsa. Makina ambiri otsukira zithunzi ali ndi dongosolo lokonza okha kuwala, mitundu ndi sharpening pa fayilo iliyonse imene alandira, popeza anthu ambiri amabweretsa zithunzi zosakonzedwa. Fayilo yanu ikafika ili kale ndi sharpening yomaliza, makinawo n'kuwonjezera yawo, nkhope zimakhakhala ngakhale inu mutachita zonse molondola. Kambiranani ndi amene amayendetsa makinawo, muwapemphe kuti azimitse kukonza kwa makina pa zithunzi zanu, ndipo muwapatse fayilo ya kukula kwenikweni kwa pepala kuti makina asachite kuichepetsa okha. Musanatsukitse alubamu yonse, sankhani chithunzi chimodzi chokhala ndi nkhope yapafupi, suti yakuda ndi thambo, mutulutse makope atatu pa Low, Standard ndi High, mulembe kumbuyo kwa lililonse, kenako muwayang'ane pa kuwala kwa masana mutawagwira pa mtunda umene munthu amaonera alubamu. Mlingo umene wapambana muusunge ngati preset (makonzedwe osungidwa oti muzigwiritsanso ntchito) ya Export ya malo amenewo ndi pepala limenelo, ndipo mukasintha kotsukitsa kapena mtundu wa pepala, muyesenso ndi chithunzi chomwecho.